Tsiku Limene Apongozi Anagulitsidwa Pamodzi ndi Galimoto

Mkazi wanga amadula makiyi. Ndikauza anthu zimenezi amayamba aseka kaye, kenako n'kufunsa kuti, "Mukutanthauza kuti amagulitsa?" Ayi, amadula. Ali ndi kashopu ka malata pafupi ndi pokwerera basi, pakati pa wokonza mafoni ndi mayi wogulitsa mabulangete. M'kashopumo muli makina olira ngati udzudzu wonenepa, matupa angapo, ndi makiyi osadula ali lendelende pamisomali khoma lonse. Dzina lake anthu a mumsewumo analiiwala kale. Onse amangoti Amakiyi, ndipo ngakhale ine amene ndinamufunsira ndi dzina lake lenileni, ndikapsa mtima ndimangopezeka ndanena kuti, "Iwe Makiyi iwe!"

Ntchitoyi sanaiphunzire kusukulu. Ali mtsikana ankagulitsa utoto ndi misomali m'sitolo ina, ndipo pakona panali makina a makiyi amene wowagwiritsa ntchito anachoka osatsanzika. Anthu ankabwera ndi makiyi awo n'kubwerera osathandizidwa, mpaka iye anatopa ndi kupepesa. Tsiku lina bwana atapita kukadya, anayatsa makinawo. Anawononga makiyi khumi, koma wotsatira wake anatsegula chitseko. Kenako anaphunzira kutsegula maloko amene makiyi ake anatayika, ndipo lero palibe chitseko m'tauni muno chimene chingamukanire nthawi yoposa yowiritsa madzi a tiyi. Koma ali ndi lamulo lake. Asanagwire loko amayamba wafunsa kuti, "Kuseri kwa chitsekochi kuli chiyani?" Munthu akachita chibwibwi, iye amangolongedza zida zake n'kumapita.

Ine ndimameta anthu tsidya lina la msewu womwewo. Pakamwa panga sipatsekeka, pake sipatseguka wamba. Mwina n'chifukwa chake takhala zaka zonsezi osaitanirana anthu.

Bambo ake, apongozi anga, anayendetsa basi kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo mpaka pano anthu amawatchula kuti Adalaivala. Ndi munthu waukhondo, wosunga nthawi, koma wosavomera kulakwa. Amati tsiku lina anaphonya njira ali ndi anthu odzaza basi, ndipo m'malo mobwerera anapitirirabe mtunda wautali, n'kuuza okwerawo kuti kampani yawatuma kuti ayesere msewu watsopano. Atapuma pantchito anagula kagalimoto kobiriwira, kamene kanayenda zaka ziwiri zokha. Makaniko wina anachotsa injini kuti akaikonze, kenako anasamuka nayo. Koma apongozi sanavomereze kuti galimotoyo yafa. Ankaitsuka Loweruka lililonse, kupopa matayala mwezi ndi mwezi, ndipo chimwalirireni amayi, m'mawa uliwonse akamwa tiyi ankalowamo, kutseka chitseko, n'kumamvera nkhani pa kawailesi ka mabatire manja ali pachiwongolero.

Galimoto yomweyo ndi imene inawagwetsa. Anaterereka pa madzi a sopo akuitsuka, fupa la m'chiuno linathyoka, ndipo anagona m'chipatala miyezi itatu. Kunja zinthu zinaima. Penshoni inkafuna siginecha yawo, a madzi ankafuna siginecha yawo, mapepala a puloti nawonso ankafuna siginecha yawo. Apa m'pamene alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, anatulukira.

Alamu ndiwo oyamba kubadwa, ndipo sangalole kuti muiwale. Ankagwira ntchito ya ukalaliki kukampani ina yosunga katundu, ndipo amavala tayi ngakhale popita kukagula sopo. Anabwera kuchipatala ndi chikalata cha kwa loya, chonena kuti bambo akuwapatsa mphamvu zosaina, kulandira ndi kuyendetsa zinthu zonse m'malo mwawo. Zinkamveka zanzeru. Apongozi anasaina atagona chagada, mkazi wanga anali pomwepo, ndipo anachita kuwagwirira bolodi loti atsamizirepo pepala. Mpaka lero akakumbukira bolodi limenelo amatsonya.

Sabata isanathe alamu anali atakonzetsa chidindo. Chinali cha chogwirira chofiira, ndipo chikamenya papepala pankatuluka mawu akuti M'MALO MWA BAMBO. Palibe ofesi imene inawapempha chidindo. Anangoona kuti mphamvu yopanda phokoso si mphamvu. Ankayenda nacho m'thumba la jekete, n'kumadinda chilichonse chimene chagona: malisiti a madzi, khadi la kuchipatala, kalendala ya pakhoma. Tsiku lina anabwera kudzameta kwa ine, ndipo pochoka anadinda pepala langa la mitengo ya kametedwe. Kuyambira pamenepo msewu wonse unayamba kuwatchula kuti Achidindo, iwo n'kumayesa ulemu.

Apongozi atatuluka m'chipatala ndi ndodo yawo, anapeza nyumba yawo yachuluka anthu. Pabalaza panali bambo wina wophunzitsa kuimba lipenga, ndi ophunzira ake akuluakulu anayi amene palibe ndi mmodzi yemwe anali ndi mphatso. M'khitchini ya malemu amayi munali mayi woweta anapiye, mazana atatu, ndi babu loyaka usana wonse. Chipinda chawo chogona chinali chodzaza matumba a simenti a munthu wina womanga. Bedi lawo analipeza m'kachipinda kakuseri kosungiramo makasu ndi mapaipi.

"Kumeneku n'kwabwino bambo, kuli pafupi ndi chimbudzi," anatero alamu. "Ndaganizira chiuno chanu."

Pakhonde panali tebulo ndi kabuku ka alendo. Aliyense wobwera kudzazonda ankayenera kulemba dzina, nthawi yofika, ndi chifukwa chobwerera. Mkazi wanga analemba kamodzi kokha. Pa chifukwa analembapo kuti, "Anandibereka."

Zoseketsa zinali zimenezo, koma panalinso zosaseketsa. Alamu anagula nsapato zosongoka ndi foni yaikulu ngati mbale, pomwe mapiritsi a bambo a kuthamanga kwa magazi ankatha mwezi usanafike pakati. Mkazi wanga anawapeza tsiku lina akudula piritsi pakati ndi lezala kuti afike nawo kumapeto a sabata. Anapita kukagula ena, n'kuwaika m'botolo lomwelo ngati anameramo okha. Madzulo a tsikulo anafunsa achimwene ake kuti penshoni ikupita kuti, nanga za lendi za anthu onsewa akulandira ndani.

"Chemwali," anatero alamu akukonza tayi, "za makiyi ine ndimakufunsa? Izi ndi nkhani za mapepala. Uzidula zitsulo zakozo."

M'mawa mwake pageti panali loko watsopano, wamkulu ngati chibakera, ndi chikwangwani chonena kuti alendo aziyamba apangana ndi woyang'anira. Koma alamu ali ndi matenda amodzi: sakonda kulipira chinthu chimene wachibale angawachitire ulere. Lokoyo anabwera ndi makiyi awiri okha, pomwe ochita lendi anali atatu. Masana omwewo ndinawaona ndi maso angawa ataima pa kashopu ka mlongo wawo, akumupatsa kiyi wa loko amene anagulira kutsekera iye yemweyo.

"Undidulire atatu. Mwachangu."

Mkazi wanga anayang'ana kiyiyo, n'kuyang'ana achimwene ake. Anayatsa makina. Anadula anayi.

Kukhala ndi kiyi sikunathetse kanthu, choncho anatseka kashopu tsiku lina m'mawa n'kupita ku ofesi yothandiza anthu pa za malamulo. Anakumana ndi loya wachizimayi, wochepa thupi, wa magalasi aakulu, amene anamvetsera nkhani yonse akudya mtedza wa m'kabati. Loyayo anafotokoza kuti mphamvu ya m'chikalata chotere ndi yobwereka. Mwini wake akhoza kuilanda tsiku lililonse, bola mutu wake ukhale ukugwira. Amasaina pepala lina lofafaniza loyambalo, pamaso pa mboni, kenako wolandidwayo amadziwitsidwa, ndi onse amene ankalandira siginecha yake. Koma ngati kholo nzeru zasokonekera, ndiye kuti nkhani ipite kukhoti, ndi umboni, ndipo kumeneko munthu amatha nsapato.

"Nanga bambo anuwo mutu ukugwira?"

"Ukugwira mopitirira muyeso," anatero mkazi wanga.

Loyayo analemba pepala lofafanizalo n'kumupatsa. Chinatsala n'chakuti mwini wake avomere, ndipo pamenepo m'pamene panali phiri. Ine ndinapita nawo, ndi zometera zanga, poganiza kuti munthu akamametedwa mtima umafewa. Tinawakhazika pampando kuseri kwa nyumba, malipenga akulira pabalaza ngati ng'ombe zinayi zimene zaponderezedwa ndi geti limodzi.

"Bambo, achimwene akukudyerani," anatero mkazi wanga, amene sadziwa kuzungulira.

"Ndinasaina ndine. Dzanja linali langa."

"N'chifukwa chake dzanja lanu lomwelo lingafafanize."

"Ukufuna anthu azinena kuti Adalaivala anabereka wakuba? Kapena kuti anasaina chinthu osachiwerenga?"

"Nanga munawerenga?"

"Ometa," anatero akulankhula kwa ine, "kumbuyoku mwasiyako tsitsi."

Nkhani inathera pomwepo. Mkazi wanga anapinda pepalalo n'kuliika pansi pa bokosi lake la zida, ndipo linakhala momwemo miyezi itatu, likumwa mafuta. Ine ndinkamuuza kuti tiitane abale, tipite kupolisi, tikuwe pamsewu. Iye ankangoti, "Loko ukamukakamiza, kiyi amathyokera momwemo." Ankapita tsiku lililonse ndi chakudya ndi mapiritsi, kulowa ndi kiyi wake, kudutsa kabuku ka alendo ngati sakukaona.

Kenako linafika Lachiwiri lija.

Cha m'ma teni koloko foni yake inalira. Anali Azitsulo, mkulu wa dazi amene ali ndi bwalo logula zitsulo zakale kumapeto kwa tauni, kasitomala wake wakale.

"Amakiyi, bwerani msanga ndi zida zanu. Tagula galimoto, koma muli munthu."

"Wamoyo?"

"Wamoyo kwambiri. Akutitukwana."

Ndinasiya munthu mutu uli theka n'kumuperekeza, chifukwa nkhani yotere simafuna kuimva kwa ena. Tinafika pabwalopo, pakati pa milu ya mafuliji akufa ndi magalimoto ophwanyidwa atasanjikizana ngati mabuku. Pakati penipeni panaima kagalimoto kobiriwira, konyezimira, chingwe chidakali chomangirira ku lole. Anthu a Azitsulo anali atakazungulira, wina atanyamula chowotcherera zitsulo. M'katimo munali apongozi, atavala jekete yawo yakuda ya kutchalitchi, magalasi onse otseka, mabatani a zitseko onse ali pansi.

Azitsulo anatifotokozera akupukuta dazi. Anagula galimotoyo kwa bambo wa tayi, amene anawaonetsa chikalata, n'kudindanso pa lisiti. Atafika kunyumba ndi lole anazindikira kuti pokoka ndi chingwe pamafunika munthu wogwira chiwongolero. Bambo wa tayi uja anati musadandaule, dalaivala alipo kale. Ndipo kunena zoona, anatero Azitsulo, chiyambireni ntchitoyi sanakokepo galimoto yoyendetsedwa bwino chotero. Mkuluyo ankatulutsa dzanja pokhota, ankaponda mabuleki pa nthawi yake, chingwe sichinagwedezeke ndi kamodzi komwe. Pamsika analiza hutala n'kubayibitsa anthu. Koma atangolowa pageti n'kuona milu ya zitsuloyo, anadzitsekera.

"Ndiye titsegulireni, tikufuna tiyambe kudula."

Mkazi wanga anaika bokosi lake pansi. "M'galimotomu muli chiyani?"

Azitsulo anadabwa. "Si mukuona nokha? Muli nkhalamba."

"Ndi bambo anga."

Wonyamula chowotcherera uja anachibisa kumbuyo.

Mkazi wanga sanatulutse chida chilichonse. Anazungulira kumbali ya wokwera n'kugogoda pagalasi ndi chala chimodzi. Apongozi anayang'ana kutsogolo kwa nthawi ndithu. Kenako anatambasula dzanja n'kukweza batani. Iye analowa, n'kutsekanso. Ine ndinaima pafupi ndi galasi lakumbuyo limene silitsekeka bwino, chifukwa ometa amamva ndi kumbuyo komwe.

Onse awiri anayang'ana kutsogolo, ngati akudikira kuti maloboti asinthe.

"Inayenda bwino," anatero apongozi kenako. "Chiwongolero sichikukokera kumbali. Ndinkakuuzani kuti galimotoyi ilibe vuto."

"Ndamva kuti munayendetsa bwino."

"Anandiuza kuti yapezeka injini. Anati tikupita kukaika injini." Anapukuta fumbi limene panalibe pachiwongolero. "Ndinavala jekete, mwana wanga."

Mkazi wanga anatembenukira kwa iwo. Ndinamuona akuwakonza kolala ya jeketeyo, imene inali itapindika.

"Pepala lako lija," anatero apongozi, "unataya?"

"Lili m'bokosi."

"Usaganize kuti ndinalakwitsa kusaina. Panthawiyo zinali zoyenera. Kungoti msewu wasintha."

"Eya bambo. Msewu wasintha."

Alamu anafika pa njinga yamoto ya hayala, Azitsulo atawaimbira kuti katundu wawo akukana kutsika. Anaona mlongo wawo m'galimoto, anaona pepala lamafuta lija, limene ndinali nditawatulutsira m'bokosi, lili m'manja mwa bambo, ndipo anazindikira msanga kumene mphepo ikulowera. Anayamba kulankhula mokweza kuti onse amve.

"Mwaona nokha anthuni! Munthu wabwinobwino angadzitsekere m'galimoto yopanda injini? Bambo mutu unasokonekera kalekale. Chilichonse chimene angasaine lero sichigwira ntchito. Ine ndikuwateteza!"

Apongozi anatsitsa galasi pang'ono, malo okwana pakamwa pokha. "Tayi yakoyo yapotoka," anatero, n'kukwezanso.

Loya wa magalasi uja titamuimbira anati alamu asapatsidwe pothawira: bambo akaonedwe kaye ndi dokotala, alembe kalata yoti nzeru zawo zili bwino, kenako asaine. Tinapita Lachinayi, tonse anayi, chifukwa alamu anaumirira kuti akhalepo monga woyang'anira. Apongozi anadzuka m'mamawa, kusita malaya okha, ndipo anandiitanitsa kuti ndiwamete ndevu ngati akukafunsira ntchito.

Dokotalayo anali mnyamata wa ulemu, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuopa kudzutsa munthu. Anawafunsa tsiku, mwezi ndi chaka, iwo anayankha n'kuwonjezera kuti wotchi ya pakhomapo yatsalira ndi mphindi zisanu ndi ziwiri. Anawauza mawu atatu oti asunge, mpando, lalanje ndi ndege, kuti awafunsenso pambuyo pake. Anawapempha kuti ajambule wotchi, iwo anafunsa kuti yolondola kapena ngati yanuyi. Anawauza kuti atchule nyama zimene angakumbukire m'mphindi imodzi, iwo anatchula zimene anazipewa pamsewu m'zaka makumi atatu ndi zinayi, ndi malo ake, mpaka dokotala anachita kukweza dzanja.

"Mawu atatu aja mukuwakumbukira?"

"Mpando, lalanje, ndege. Mpando wake ndi uwu, mwendo umodzi ndi waufupi. Muuike kapepala."

"Nanga awa mukuwadziwa?" anafunsa dokotala akuloza alamu.

"Uyu ndi mwana wanga woyamba. Anabadwa Lachisanu, mvula ikugwa, ndili paulendo wa kumpoto. Ndi amene anagulitsa galimoto yanga ine ndili momwemo."

Dokotala anayang'ana alamu, alamu anayang'ana chithunzi cha mapapo chimene chinali pakhoma.

"Funso lomaliza, bambo. Mukudziwa chimene pepala mukufuna kusainali lichite?"

"Lichotsa uyu pampando wa dalaivala. Akhale kumbuyo ngati anzake."

Anasaina masana omwewo ku ofesi ya loya, pa pepala latsopano chifukwa lakale lija linkanunkha girisi. Anakana cholembera cha loya, natulutsa chawo. Siginecha yawo ndi yaitali, yokhotakhota, ndipo anaikoka pang'onopang'ono mpaka inatuluka mumzere n'kukathera m'mphepete mwa pepala. Loya anafunsa ngati akufuna kulemba chikalata china chopatsa mphamvuzo mwana wawo wamkazi.

"Ayi!" anayankha onse awiri nthawi imodzi, bambo ndi mwana, kenako anayang'anana aliyense atakhumudwa pang'ono kuti mnzake wayankha msanga chotero.

Alamu sanafike kwa loya. Anatsika panjira, akuti ali ndi msonkhano kuntchito.

Sabata yotsatira mkazi wanga anayenda ndi mafotokope. Anasiya ku banki, ku ofesi ya penshoni, kwa a madzi, ku ofesi ya mapuloti, paliponse akudikira kuti amusainire kuti alandira. Womanga uja anabwera kudzatenga simenti yake akung'ung'udza. Mayi wa anapiye anapempha masabata awiri kuti akule kaye, ndipo pochoka anasiyira apongozi nkhuku ziwiri. Wa malipenga yekha ndi amene anatsala. Apongozi anati munthuyo amasunga nthawi, ndipo mmodzi mwa ophunzira ake wayamba kumveka ngati hutala ya basi yabwino. Anamusamutsira m'kachipinda ka makasu, kuti aziimba masana okha, ndipo lendi azipereka m'manja mwa mwini nyumba. Galimoto inabwerera pamalo pake Azitsulo atalandira, m'malo mwa ndalama zawo, wailesi yakanema yaikulu ya alamu ndi nsapato zosongoka zija, zimene anati zimawakwana.

Linatsala pepala limodzi, la alamu eni ake, loti asaine kuti adziwitsidwa. Kunyumba kwawo sankapezeka, foni sankayankha. Mkazi wanga anaganiza zowapeza kuntchito. Pageti la kampani mlonda anamuyang'ana modabwa.

"Akalaliki a tayi aja? Anawachotsa kalekale, chaka chikukwana. Anachepetsa anthu. Koma mukawafuna pitani ku laibulale, amakhala pampando wa pawindo."

Anawerengera miyezi ali pamsewu. Ntchito inatha bambo asanagwe n'komwe. M'mawa uliwonse munthuyo ankamanga tayi, kutsanzika akazi ake, n'kupita kukakhala pawindo.

Anawapezadi pomwepo, atagona tulo, tsaya lili pa nyuzipepala, pa tsamba la ntchito. Anakhala pampando woyang'anana nawo n'kudikira mpaka anadzuka okha. Zimene analankhulana anandiuza patapita masiku, pang'onopang'ono, monga amachitira.

"Wabwera kudzandiseka?"

"Ndabwera ndi pepala. Bwanji simunanene, achimwene?"

"Ndinene kwa ndani? Kwa bambo, amene sanajombepo tsiku limodzi moyo wawo wonse? Kwa iwe, ndi kashopu kako ka malata kamene sikatsekedwa?"

"Mukanandipempha."

"Ine woyamba kubadwa?"

"Ndiye munaona kuti kuli bwino bambo azidula piritsi ndi lezala?"

Alamu anati zimenezo sankazidziwa. Mkazi wanga anati sankazidziwa chifukwa sankalowa m'kachipinda ka makasu. Woyang'anira laibulale anawaloza chikwangwani choletsa phokoso, ndipo anamaliza kukangana monong'ona, zimene akuti n'zotopetsa kwambiri. Pomaliza alamu anasaina. Dzanja linapita lokha m'thumba la jekete, n'kuima momwemo. Analitulutsa lopanda kanthu.

Mkazi wanga sanawauze bambo ake za ntchitoyo. Anati mwini wake akanene yekha, ali ndi pakamwa. Zinatenga milungu isanu. Lamlungu lina masana tili pakhonde tinangoona munthu waima pageti, wopanda tayi, khosi lili poyera ngati la nkhuku yososoledwa. Analowa, nakhala pansi penipeni, pa simenti, n'kunena zonse mutu uli pansi. Ananena nthawi yaitali, mwina kuposa mmene zinafunikira, chifukwa alamu ngakhale popepesa amakhala ngati akuwerenga lipoti.

Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anavula masilipasi n'kutambasula miyendo.

"Chigwereni sinditha kuwerama," anatero. "Mlongo wako amandidula ngati akudula makiyi, amafika mpaka pamnofu. Tenga chowengera chili pawindopo."

Alamu anagwada n'kuyamba kuwenga zikhadabo za bambo awo, zimene ndi zolimba ngati nyanga. Chimodzi chinathethekera m'kapu yanga ya tiyi. Palibe amene ananena kuti nkhani yatha, ndipo sindinganame kuti inatheratu. Mkazi wanga amawapatsa moni achimwene ake, amawapatsa chakudya, koma akalowa m'chipinda cha bambo iye amapezeka ali ndi chochita pafupi ndi chitseko. Za penshoni apongozi amapita okha tsopano, mwezi ndi mwezi, mwana wawo wamkazi akuwagwira pachigongono. Amakana mzere wa okalamba. Amaima pa wa anthu onse, n'kumalangiza mlonda mmene angaimikire anthu kuti mzere uziyenda.

Mwezi wathawu alamu anabwera kwa ine m'mawa, ndisanatsegule bwinobwino. Anati aitanidwa kukayesedwa ntchito kusitolo ina ya matayala, yolemba katundu wolowa ndi wotuluka, ndipo akufuna kuoneka ngati munthu. Ndinawakhazika pampando, n'kuwakulunga nsalu. Tsidya lina la msewu mkazi wanga anali akutsegula kashopu kake, akukankha chitseko cha malata ndi phewa. Alamu anamuyang'ana pagalasi kwa nthawi yaitali.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "mlongo wangayu mumamutha bwanji?"

"Sindimutha," ndinatero. "Ndimangokhala naye. Weramitsani mutu."